Kupatsa n'kuika, koma kuika pati?

Abale ndi alongo, ambiri a inu mumandidziwa monga munthu uja amafika mochedwa ku mapemphero a pakati pa sabata, zikhadabo zili bii ndi girisi. Ntchito yanga ndi yokonza mainjini a maboti pa doko lina kuno ku Cape Town. Ndinakulira ku Nkhotakota, choncho madzi si achilendo kwa ine. Koma pali funso limene nyanja yamchere inandiponyera Disembala wa chaka china, ndipo mpaka lero ndikulimbana nalo. N'chifukwa chiyani munthu angapereke chinthu chimene iye mwini angadzachifune mawa, kwa mlendo amene sadzamuonanso? Nanga kupatsa kumeneko kukachotsa nsima pakamwa pa munthu wachitatu, kodi kukadali kwabwino? Funso lachiwirili ndikulifunsa chifukwa munthu wachitatuyo ndinali ine.

Chaka chilichonse, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Januwale, madoko a South Africa amalandira maboti ang'onoang'ono a matanga amene akuzungulira dziko lapansi. Ambiri ndi otalika mamita 10 mpaka 15. M'kati mwake mumakhala bambo ndi mayi, nthawi zina ndi ana, nthawi zina munthu mmodzi yekha. Amanyamuka ku Mauritius, Réunion kapena Madagascar nyengo ya anamondwe isanalimbe, ndipo ochokera ku Réunion amawoloka mamailosi a panyanja pafupifupi 1,400 kuti akafike ku Richards Bay. Kuchoka apo amatsika pang'onopang'ono, Durban, East London, Gqeberha, Mossel Bay, akudikira nyengo yabwino pa doko lililonse, chifukwa madzi othamanga a Agulhas akakumana ndi mphepo yochokera kumwera chakumadzulo, mafunde amaimirira ngati khoma. Pofika kuno, boti limakhala litatopa. Waya wogwira mlongoti wayamba kuduka timitsitsi, thanga lang'ambika, chiwongolero chikugwedera, mabatire sakulandira moto. Zonsezi ziyenera kukonzedwa asanayambe ulendo wa ku St Helena, mamailosi enanso pafupifupi 1,700, kenaka Brazil kapena zisumbu za Caribbean.

Anthu amenewa ali ndi mwambo wawo. Amandiuza kuti m'malo amene amasonkhana ambiri, monga ku Grenada kapena ku George Town ku Bahamas, m'mawa amayatsa wailesi ya VHF n'kumalengeza za nyengo, za amene afika ndi amene akunyamuka, kenaka za amene akusowa chiyani ndi amene ali ndi chiyani chapadera pansi pa boti lake. Wina akufuna lamba wa injini, wina ali ndi sefa ya dizilo imene sakuigwiritsa ntchito, wina amadziwa kusoka matanga, wina anali dokotala wa mano asanapume. Bungwe lawo limodzi lakale, Seven Seas Cruising Association, limene linayamba mu 1952 ku California, limaphunzitsa mamembala ake kuti pochoka pa doko azisiya mbiri yoyera, kuti wobwera pambuyo pawo adzalandiridwe bwino. Ine zimenezi ndinkangozimva ngati nkhani za anthu a ndalama, mpaka tsiku limene zinandigunda m'thumba.

Disembala ameneyo kunabwera mnyamata wina ndi mkazi wake ndi kamwana ka zaka ngati zinayi, pa boti lakale lachitsulo. Injini yawo inkatentha. Injini ya dizilo ya boti imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja, amene pampu imawakoka kudzera pa bowo la pansi pa boti. M'kati mwa pampuyo muli kagudumu kamphira ka mapiko kotchedwa impeller. Kakauma kapena kuthyoka mapiko, madzi amasiya kuyenda ndipo injini imatentha m'mphindi zochepa. Kameneko n'kotchipa, aliyense amayenda nako kena kapadera. Koma nditamasula ndinapeza vuto lalikulu: shafiti ya pampu inali itadyeka, mabering'i atatha, madzi amchere akudontha. Injiniyo inali ya mtundu umene anasiya kupanga kalekale. Kuitanitsa pampu kunja kukanatenga masabata, poti pakati pa Disembala makampani ambiri kuno amatseka mpaka Januwale. Ndinawauza kuti ndingathe kupeza munthu wosula shafiti ina, ine n'kumanganso pampuyo. Inali ntchito ya masiku atatu, ndipo abwana anandilola kuigwira ngati ganyu pa tchuthi. Tinagwirizana mtengo. Usiku womwewo ndinaimbira achemwali kumudzi kuti asadandaule, ndalama ya feteleza wachiwiri ikubwera.

Loweruka m'mawa ndikufika ndi chikwama cha zida, ndinamva injini ikulira bwinobwino, madzi akulavulika kumbuyo kwa boti monga zimayenera kukhalira. Pansi panatuluka madala ena a imvi, a pa boti loyandikana nalo, akupukuta manja. Boti lawo linali ndi injini ya mtundu womwewo, ndipo kwa zaka zambiri ankayenda ndi pampu ina yathunthu, yokulungidwa m'nsanza ya mafuta. Anaipereka. Mnyamata uja atatulutsa ndalama, madala anakana. Anangopempha kuti awapatse pampu yakufa ija.

Mnyamatayo anandipepesa, n'kundilipira ya ola limodzi limene ndinamasula pampu. Ndinamwetulira monga timachitira ife a m'dziko la eni, koma mumtima munali moto. Ndiye madala aja, osadziwa kanthu, anandiyandikira. "Bambo, ndamva kuti muli ndi chida chozulira mabering'i. Mungandibwerekeko mpaka Lolemba?" Ndinayankha kuti abwana salola kubwereketsa zida. Linali bodza. Chidacho ndinagula ndekha.

Ndisanachoke ndinawafunsa, mwina pofuna kuwaonetsa kupusa kwawo: "Nanga inu bambo, kutsogolo kwanu kuli mamailosi 1,700 opanda garaja. Pampu yanu ikafa mudzatani?" Iwo anaseka. Anati n'chifukwa chake akufuna chida changacho, kuti aike mabering'i atsopano mu pampu yakufayo, ikhale yongogwirizira pa tsiku la mavuto. Anati nkhaniyi anakambirana ndi mayi a kunyumba kwawo usiku wonse, poti moyo wa pa botilo ndi wa anthu awiri. Anati ulendo wa ku St Helena nthawi zambiri mphepo imakhala kumbuyo, injini siigwira ntchito yambiri. Kenaka anawonjezera kuti miyezi ingapo m'mbuyomo, pa chisumbu cha Rodrigues, munthu wina anawapatsa alternator, ndipo dzina lake analiiwala kale.

Ndinakhala ndi mawu amenewo Loweruka lonse ndi Lamulungu. Choyamba ndinadzifunsa ngati pali lamulo limene linawakakamiza. Panyanja lamulo lothandiza lilipo, ndipo ndi lolimba. Pangano la mayiko la SOLAS, limene linalembedwa koyamba mu 1914 sitima ya Titanic itamira, ndipo limene likugwira ntchito lero ndi la 1974, limalamula woyendetsa sitima kuti akamva kuti anthu ali pangozi panyanja athamangireko. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982 limanenanso zomwezo pa ndime 98. Ndipo anthu amachitadi. Pa 18 Novembala 2022, pa mpikisano wa Golden Globe, boti la Tapio Lehtinen wa ku Finland linamira kumwera chakum'mawa kwa Gqeberha. Kirsten Neuschäfer, mayi wa konkuno ku South Africa, anasiya njira yake, n'kuyenda usiku wonse kukamutola m'kabwato kopulumukira, ndipo mu Epulo 2023 anapambanabe mpikisanowo. Mu Januwale 2009 boti la Jean Le Cam linagubuduzika pafupi ndi Cape Horn, ndipo Vincent Riou, pa boti lotchedwa PRB, anamupulumutsa. Boti la Riou linawonongeka pa ntchitoyo mpaka mlongoti unagwa, sanathenso kumaliza ulendo wake. Pa 1 Disembala 2020 Le Cam yemweyo anatola Kevin Escoffier, amene boti lake, lotchedwanso PRB, linathyoka pakati kumwera chakumadzulo kwa Cape Town.

Koma lamulo limeneli ndi la moyo wa munthu amene akumira. Silinena kanthu za pampu, za lamba, za tsiku lonse limene munthu amagwada m'chipinda chotentha cha injini ya mnzake. Banja lija silinali pangozi. Linali pa doko labwino, pafupi ndi masitolo, likanangotaya masabata ndi ndalama. Madala aja akanangoti pepani, palibe akanawadzudzula. Thandizo lambiri limene munthu amalifuna pa moyo ndi la mtundu umenewu, loti wokana sapalamula mlandu uliwonse.

Kenaka ndinati mwina ndi nzeru chabe zodzisungira. Kwathu timati kupatsa n'kuika, komanso mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Amalume anga ku Nkhotakota ankabwereketsa pulagi kapena mafuta a injini kwa asodzi anzawo, podziwa kuti tsiku lina mwera udzawapeza iwo ali pakati pa nyanja. Kuno nakonso timachita chimodzimodzi. Mnzathu akamwalira timasonkha kuti thupi lidutse pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka likafike kumudzi, ndipo pamakhala kope lolemba mayina. Tonse timadziwa kuti kopelo limawerengedwa. Amene dzina lake silioneka kawiri katatu, tsiku lake likadzafika anthu amayang'ana kumbali. Sindikunyoza kope limenelo. Latithandiza kuika abale athu ambiri mwaulemu. Koma limagwira ntchito chifukwa wopatsa ndi wolandira amakhala malo amodzi, amaonana mawa ndi mkuja.

Pa doko zinthu sizili choncho. Banja lija linali kupita ku Brazil, madala aja ku Ulaya, kukagulitsa boti n'kupuma, poti ulendo umenewu unali wawo womaliza. Ngati kupatsa n'kuika, iwo anaika pati? Mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka wapita. N'zoona kuti mbiri imayenda pakati pa anthu amenewa, ndipo munthu wodziwika ndi kuumira amavutika kupeza womuthandiza. Koma madala aja analibenso zaka zoti adzakolole mbiri yabwino. Ndinaona kuti chimene ankachita chinali kubweza ngongole ya ku Rodrigues kwa munthu wina amene sanawakongoze. Ngongole yotere ilibe kope, ilibe woilondola. Munthu akhoza kulandira pa doko lililonse osaperekako kanthu mpaka kuzungulira dziko lonse. Mwambowu umapitirira chifukwa chakuti pali anthu okwanira amene amasankha kubweza pamene palibe akuwaona. Pali kudzikonda pang'ono m'menemo, inde, chifukwa aliyense amafuna kuyenda panyanja imene anthu amathandizana. Koma kudzikonda kokha sikukanamasula nsanza ya mafuta ija.

Apa m'pamene ndinafika pa bala langa. Kodi anandilakwira? Ndinayesa kuwapezera mlandu, sindinaupeze. Ndalama imene ndinawerengera inali yodalira kuti vuto la banja lija lipitirire masiku atatu ena. Ntchito yanga ndi yolemekezeka, ndipo wogwira ntchito ayenera kulandira malipiro ake, koma ndilibe umwini pa tsoka la munthu wina. Namwino sangakwiyire mnansi amene wachiritsa mwana ndi madzi a shuga ndi mchere asanafike naye kuchipatala. Chimene chinandipweteka kwenikweni, nditadziyang'ana bwino, chinali chakuti ubwino unachitika pamaso panga, ine ndili kunja kwake. Iwo anali a m'banja limodzi la oyenda panyanja, ine ndinali wantchito wa pa doko.

Ndipo pamenepo pali choonadi chimene sindichibisa. Ndaonapo anthu ena a pa mabotiwa akupatsana zipangizo zodula kwaulere, ola lomwelo n'kumanenerera mtengo kwa mnyamata wopukuta boti tsiku lonse padzuwa, mpaka kumuchotsera ndalama ya basi. Kuthandizana kumene kumathera pa anthu ofanana nawe n'kosavuta, ngakhale gulu la akuba limathandizana. Koma nditanena zimenezi chala chinandibwerera. Ife tikamasonkha, timayamba tafunsa kuti malemuyo ndi wa boma liti, wa mpingo uti. Mnansi wa ku Zimbabwe kapena wa ku Congo amene timamwa naye madzi a pa mpopi umodzi, nyumba yake ikapsa, timati ali ndi anthu ake. Ndipo madala aja, pondipempha chida, anali kundiitana kuti ndilowe m'bwalo lawo monga munthu amene ali ndi kanthu kopereka. Amene anatseka chitseko ndinali ine, ndi bodza.

Buku la Machitidwe, pa mutu 27 ndi 28, limasimba za ngalawa imene inasweka pa chisumbu cha Malta, chimene Baibulo lathu limachitcha Melita, ili ndi anthu 276. Ena anali asilikali, ena amalinyero, ena akaidi. Eni chisumbucho sankadziwa amene ali wabwino ndi amene ali woipa, ndipo chilankhulo chawo chinali china. Anangoona anthu onyowa ndi ozizidwa, n'kusonkha moto. Anawasunga miyezi itatu, ndipo ponyamuka anawapatsa zofunika pa ulendo, akudziwa kuti sadzawaonanso. Chimene ndinali ndisanachionepo m'nkhaniyi n'chakuti Paulo, mkaidi wongovuuka kumene m'madzi, anapita kukatola nkhuni zoika pa moto womwewo. Wolandira thandizo nayenso anali ndi chopereka.

Pali funso lina limene anzanga kuntchito amafunsa, ndipo ndi lomveka. Kodi kuthandiza kotere sikulimbikitsa ulesi? Alipo anthu amene amanyamuka ndi boti losakonzeka, opanda zida, podalira kuti ena adzawatola. Ifenso tikuwadziwa abale amene amabwera kudzagona sabata imodzi n'kutha chaka. Paulo yemweyo, pa mutu 6 wa kalata yake kwa Agalatiya, amalangiza zonyamulirana zolemetsa, ndipo patangopita mizere yochepa amanenanso kuti munthu aliyense ali ndi katundu wake woti asenze yekha. Kale ndinkaona ngati mawu awiriwa akutsutsana. Pa doko ndinaona mmene amagwirizanirana. Mkazi wa mnyamata uja anandiuza pambuyo pake kuti madala sanamange pampu ija okha. Sipanala anapatsa mnyamatayo, iwo n'kumangoloza: masula apa, yang'ana mapiko othyoka amene atsakamira m'mapaipi, paka mafuta pang'ono pa kagudumu usanakalowetse, usayatse injini bomba la madzi lili lotseka. Anamuchotsera cholemetsa cha tsiku limenelo, koma anamusiya akudziwa kusenza katundu wake pa nyanja imene kulibe woitana.

Ndinaonanso kuti madala aja anatha kupatsa chifukwa ananyamula ziwiri. Zaka zonse zija pampu ija inkadya malo pa boti laling'ono, ndalama yake itagona chabe. Munthu wosakonzekera, ngakhale akhale ndi mtima wabwino chotani, pa tsiku la vuto la mnzake amangoima chilili n'kumati pepani. Ndipo sanapatse mosasamala. Anawerengera ulendo wawo, anafunsa mkazi wawo, anapeza njira yotsekera mpata umene anatsegula. Kupereka chinthu chimene moyo wa banja lako ukudalira, osawafunsa, n'kupatsa ndi thumba la eni.

Lolemba m'mawa ndinapita ndi chida chija. Ndinawauza kuti ndinanama. Iwo anangoti, "Zikomo bambo, gwirani apa," ngati palibe chimene chinachitika. Tinazula mabering'i akale, n'kuika atsopano, shafiti tinaipala ndi sandipepa momwe tikanathera. Siinali ntchito yoti ndingainyadire, koma pampuyo inkakoka madzi. Anandipatsa khofi ndi buledi amene mayi aja anaphika m'botimo. Patapita sabata maboti onse awiri ananyamuka, ndipo sindinamvenso za iwo.

Musayembekezere kuti ndikuuzani kuti ndalama ija inabwera mwa njira ina yodabwitsa. Siinabwere. Feteleza ndinatumiza theka, mochedwa, ndipo chimanga cha achemwali chaka chimenecho sichinachite bwino. Mtengo wa ubwino wa madala aja mbali ina unagwera anthu a ku Nkhotakota amene sanawaonepo. Zimenezi sindinazithetse mumtima mwanga mpaka lero, ndipo sindikufuna kunamizira kuti ndinazithetsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikanakhala ine pa boti lija, ndi mkazi wanga ndi mwana, m'dziko la eni, ndalama zikutha, ndikanapempherera kuti pa boti loyandikana nalo pakhale munthu wa pampu ziwiri. Sindingapemphe dziko lotero pamene ndili wovutika n'kulikana pamene likundidyera phindu.

Kuyambira chaka chimenecho, pansi pa benchi yanga pali bokosi. Ndikachotsa chipangizo chakale chimene chikadali ndi moyo, ndimapempha mwini wake, ndikachitsuka n'kuchisunga. Muli malamba, mapampu awiri omangidwanso, mawaya, mabawuti a sayizi zovuta kupeza. Abwana akudziwa. Ntchito yanga ndimalipiritsa monga kale, chifukwa ana anga amadya, koma za m'bokosimo sizigulitsidwa, ndipo sindilemba mayina a otenga. Chaka chatha wina amene anatengamo lamba anali msodzi wa konkuno, wina anali mayi woyenda yekha wochokera kutali amene Chingerezi chake chinali chovuta ngati changa cha masiku oyamba.

Abale, ambiri a ife kuno tili ngati maboti aja: tinabwera kudzadutsa, mitima ili kumudzi, ndipo anthu amene tikukhala nawo lero mwina chaka chamawa adzakhala ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku Lilongwe. Aliyense wa ife pali amene anamulandira pa depoti tsiku loyamba, amene anamuyalira mphasa, amene anamunenera mawu abwino kwa bwana. Ena mwa anthu amenewo anabwerera, ena anamwalira, ena mayina awo tinaiwala. Sitingawabwezerenso. Sabata ino pa depoti pafikanso munthu wina ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya foni imene siikuyankhidwa, ndipo mwina sadzakhala wa boma lathu kapena wa mpingo wathu. Tiyeni tiyang'ane pansi pa benchi zathu, tione chimene tili nacho chachiwiri.